Matenda a Mafuta M'chiwindi: Chithandizo cha Masewera Olimbitsa Thupi ndi Zoyenera Kudziwa za Mavitamini

Uthenga uno ukudziwitsa alimi, amalonda ndi anthu onse za matenda a mafuta m'chiwindi komanso njira zimene zatsimikizika kuti zimathandiza odwala matendawa. Masiku ano m'misika, m'mabasi ndi pa masamba a mchezo monga WhatsApp ndi Facebook mukugulitsidwa mavitamini ndi mankhwala azitsamba amene akuti amatsuka chiwindi. Anthu ambiri akutaya ndalama pa zinthu zoterezi pamene chithandizo chenicheni cha matendawa chili m'manja mwawo. Kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti kugwiritsa ntchito thupi mokhazikika, kuchepetsa kunenepa ndi kusintha kadyedwe ndiwo maziko a chithandizo. Mavitamini sangalowe m'malo mwa zinthu zimenezi, ndipo Vitamini E, yemwe ndi yekhayo amene ali ndi umboni wooneka, amayenera anthu ochepa okha ndiponso amaperekedwa ndi dokotala.

Matendawa ndi otani

Chiwindi ndi chiwalo chachikulu chimene chili kumanja kwa mimba, kunsi kwa nthiti, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Chimasefa magazi, chimapanga ndulu yogayira mafuta, chimasunga shuga ndi mavitamini ena, komanso chimapanga zinthu zothandiza kuti magazi aziundana munthu akavulala. Chiwindi chabwino chimakhala ndi mafuta ochepa kwambiri. Mafutawo akapitirira magawo 5 pa magawo 100 alionse a chiwindi, madokotala amati munthuyo ali ndi matenda a mafuta m'chiwindi.

Kuyambira kalekale zinkadziwika kuti mowa umakundika mafuta m'chiwindi. M'chaka cha 1980, Jurgen Ludwig ndi anzake a pachipatala cha Mayo Clinic ku America anafotokoza za odwala amene chiwindi chawo chinali chotupa ngati cha chidakwa chikhalirecho sankamwa mowa. Mtundu umenewu unkatchulidwa mwachidule kuti NAFLD, koma m'chaka cha 2023 mabungwe a akatswiri a chiwindi anausintha dzina kukhala MASLD pofuna kusonyeza kuti gwero lake ndi kusokonekera kwa mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndi mafuta. Akatswiri akuyerekeza kuti pa dziko lonse, pafupifupi anthu akuluakulu 30 mwa 100 alionse ali ndi vutoli.

Matendawa amakula pang'onopang'ono. Poyamba mafuta amangodzikundikira popanda kuwononga kwenikweni. Mwa anthu ena chiwindi chimayamba kutupa ndipo maselo ake amafa, ndipo gawo limeneli limatchedwa MASH. Kutupako kukapitirira, m'chiwindi mumapangika zipsera. Zipserazo zikachuluka chiwindi chimauma n'kulephera kugwira ntchito, ndipo nthawi zina khansa imayambira pomwepo. Magawo oyambirira amabwerera munthu akasintha moyo wake, koma chiwindi chikafika pouma chimavuta kwambiri kubwerera mwakale. Tiyeneranso kudziwa kuti ambiri mwa odwala matendawa amamwalira ndi matenda a mtima kusiyana ndi a chiwindi chenichenicho, n'chifukwa chake chithandizo chabwino chimayenera kuteteza ziwalo zonse ziwiri.

Amene ali pachiopsezo

Matendawa amapezeka kwambiri mwa anthu onenepa, makamaka amene mafuta anaunjikana pamimba, odwala matenda a shuga, odwala kuthamanga kwa magazi, ndi amene ali ndi mafuta ochuluka m'magazi. Oposa theka la anthu amene anayamba kudwala shuga atakula amakhalanso ndi mafuta m'chiwindi. Njira yapafupi yodziwira chiopsezo ndi kuyeza mimba ndi tepi ya telala, kuzungulira cha pamchombo. Bambo amene muyezo wake wapitirira masentimita 94, kapena mayi amene wapitirira masentimita 80, akuyenera kusamala.

Anthu ambiri amaona mimba yaikulu ngati chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda, ndipo kuwonda amakuopa chifukwa kumabweretsa manong'onong'o a matenda. Maganizo amenewa amalepheretsa ena kuchepetsa thupi ngakhale atalangizidwa kuchipatala. Komabe si onenepa okha amene amadwala. Munthu wa thupi laling'ono amene amakhala pansi tsiku lonse ndi kumwa zakumwa za shuga wambiri akhozanso kukhala ndi mafuta m'chiwindi.

Zizindikiro ndi kupima

Kawirikawiri matendawa sapweteka ndipo saonetsa chizindikiro kwa zaka zambiri. Ena amangomva kutopa kapena kulemera kumanja kwa mimba. Ambiri amadziwa za vutoli mwangozi, pamene ajambulidwa m'mimba ndi makina a sikani kapena kupimidwa magazi pa zifukwa zina. Popima magazi, madokotala amayang'ana zinthu ziwiri zotchedwa ALT ndi AST, zimene zimakwera maselo a chiwindi akamawonongeka, ngakhale kuti zikhoza kukhala zabwinobwino mwa munthu wodwala. Palinso kawerengedwe kotchedwa FIB-4, kamene kamaphatikiza zaka za munthu, ALT, AST ndi kuchuluka kwa tizigawo ta magazi tothandiza kuundana. Zotsatira zosafika 1.3 zimasonyeza kuti mwina zipsera si zambiri, pamene zopitirira 2.67 zimafuna kuti munthu aonedwe ndi katswiri.

Munthu amene maso ake achita chikasu, mimba yatupa ndi madzi, miyendo yatupa, akusanza magazi, akuchita chimbudzi chakuda bii, kapena wasokonezeka mutu, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezi zimasonyeza kuti chiwindi chawonongeka kwambiri, ndipo si nthawi yoyamba masewera kapena kugula mavitamini.

Mmene masewera olimbitsa thupi amathandizira

Minofu ndiyo imadya shuga wambiri m'thupi. Munthu akamakhala osagwira ntchito yolimba, minofu simvera bwino insulini, yemwe ntchito yake ndi kulowetsa shuga m'maselo. Shuga wotsalayo amapita kuchiwindi kumene amasandutsidwa mafuta. Minofu ikamagwira ntchito, imakoka shuga m'magazi, thupi limayambanso kumvera insulini, ndipo chiwindi chimachepetsa kupanga mafuta atsopano n'kuyamba kuwotcha amene chinasunga.

Chinthu cholimbikitsa n'chakuti phindu limeneli limabwera ngakhale sikelo isanasinthe. Pa kafukufuku wa mu 2009 ku Sydney m'dziko la Australia, anthu onenepa amene anapalasa njinga yochitira masewera kwa milungu 4 anachepetsa mafuta a m'chiwindi ndi magawo 21 pa 100 alionse, kulemera kwawo kusanatsike. Pa kafukufuku wina wa mu 2011 ku Newcastle m'dziko la Britain, odwala amene anachita masewera onyamula zolemera kwa milungu 8 anachepetsa mafutawo ndi magawo 13 pa 100, nawonso osatsika kulemera. Choncho munthu asagwe ulesi poona kuti patha mwezi akuyenda koma lamba akadali pabowo lomwelija.

Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization, m'malangizo ake a mu 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera kapena ntchito yolimba pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena yolimba kwambiri kwa mphindi 75 mpaka 150. Mphindi 150 ndi chimodzimodzi mphindi 30 pa tsiku kwa masiku 5. Kuwonjezera apo, masiku awiri kapena kuposerapo pa mlungu azichita zolimbitsa minofu. Ntchito yolimba pang'ono ndi imene munthu akamaichita amapuma mofulumira ndi kutuluka thukuta, amatha kulankhula koma sangathe kuimba nyimbo. Yolimba kwambiri ndi imene munthu sangathe kumaliza chiganizo osapumira.

Zimenezi sizifuna malo olipira kapena zovala zapadera. Kuyenda ndawala, kupalasa njinga, kuvina, kusewera mpira wamiyendo kapena wamanja, kusambira ndi kukwera phiri, zonsezi zimawerengedwa. Zolimbitsa minofu ndi monga kunyamula zigubu za madzi, kukhala pampando ndi kuimirira maulendo angapo osagwira kanthu, kapena kukankha khoma ndi manja.

Kwa alimi

Kugalauza, kuunda mizere, kupalira, kubandira, kuwaza nkhuni, kusinja mumtondo, kupopa madzi pamjigo ndi kuthirira kudimba ndi ntchito zolimba zimene zimakwanitsa muyezo umenewu, nthawi zambiri mpaka kupitirira. Mlimi amene amagwira khasu yekha m'nyengo ya dzinja safunika masewera ena owonjezera. Vuto limabwera zokolola zikalowa m'nkhokwe. M'miyezi imeneyi ntchito imachepa, chakudya chimakhala chambiri, ndalama za fodya, soya kapena mtedza zimakhala m'thumba, ndipo mowa, nyama yootcha ndi zakumwa zotsekemera zimachuluka. Phindu la masewera silisungika ngati chimanga. Munthu akasiya kwa milungu ingapo, mafuta amayambanso kubwerera. Choncho alimi akulangizidwa kuti m'chilimwe azipitiriza kuyenda, kupalasa njinga kapena kulima kudimba. Malangizowa akukhudza kwambiri alimi amene amalemba aganyu n'kumangoyendera munda pa njinga yamoto.

Kwa amalonda ndi ogwira ntchito atakhala

Ogulitsa m'magolosale, m'maokala ndi pamabenchi a mumsika, matelala, osunga ndalama za pafoni, madalaivala ndi ogwira ntchito m'maofesi amatha maola ambiri ali chikhalire. Kwa iwowa mphindi 30 zikhoza kugawidwa, mwachitsanzo mphindi 10 m'mawa, 10 masana ndi 10 madzulo. Munthu akhoza kutsika minibasi siteji imodzi asanafike, kuyenda pansi m'malo mokwera kabaza pa mtunda waufupi, kapena kupita yekha kukatenga katundu wopepuka m'malo motuma mwana. Ndi bwinonso kuimirira ndi kuyendayenda kwa mphindi zingapo ola lililonse, ngakhale pamalo ogulitsira pomwepo.

Amene sanazolowere ayambe ndi mphindi 10 pa tsiku n'kumawonjezera mlungu uliwonse. Odwala mtima, odwala kuthamanga kwa magazi kosatsika, amayi oyembekezera ndi amene chiwindi chawo chinauma ayambe afunsa kuchipatala. Odwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga azinyamula kanthu kotsekemera poyenda ndiponso azivala nsapato zoteteza mapazi. Munthu akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, asiye nthawi yomweyo ndi kupita kuchipatala.

Kuchepetsa kulemera ndi kadyedwe

Masewera amachotsa mafuta, koma kuti kutupa ndi zipsera zibwerere pamafunikanso kuchepetsa kulemera. Kutsika ndi magawo 3 mpaka 5 pa 100 kumachepetsa mafuta m'chiwindi, magawo 7 mpaka 10 kumachepetsa kutupa, ndipo magawo 10 kapena kuposerapo kukhoza kubweza zipsera. Pa kafukufuku wa ku Havana m'dziko la Cuba amene anasindikizidwa mu 2015, odwala 293 anatsatidwa kwa chaka chathunthu. Mwa amene anatsika ndi magawo 10 pa 100 kapena kuposerapo, 90 mwa 100 alionse kutupa kunatha, ndipo 45 mwa 100 zipsera zinachepa. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, magawo 5 pa 100 ndi makilogalamu 4.5, ndipo magawo 10 ndi makilogalamu 9. Kulemera kuzitsika pang'onopang'ono, theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa mlungu, pakuti kudzimana chakudya mopitirira muyezo kukhoza kuwonjezera kutupa kwa chiwindi.

Choyamba kuchepetsa ndi shuga wa m'zakumwa. Botolo la mamililita 500 la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga wokwana pafupifupi magalamu 50, omwe ndi masipuni a tiyi 12. Muyezo umenewu ndi umene World Health Organization imati munthu wamkulu asapitirire pa tsiku lonse. Tiyi, thobwa ndi maheu othira shuga wambiri nazonso ziyenera kuwerengedwa. Mandasi, tchipisi, buledi woyera ndi zokazinga zina zizidyedwa mwa apo ndi apo. Nsima ya mgaiwa ndi yabwino kuposa ya ufa woyera, koma chachikulu ndi kuchepetsa mitanda ndi kuchulukitsa ndiwo zamasamba, nyemba, nandolo, khobwe, usipa, matemba ndi zipatso, motsatira magulu asanu ndi limodzi a zakudya.

Vitamini E

Mwa mavitamini onse, Vitamini E ndiye wafufuzidwa kwambiri pa matendawa chifukwa amateteza maselo kuti asawonongeke. Kafukufuku wodziwika bwino ndi wotchedwa PIVENS, amene anachitika ku America ndi kusindikizidwa mu 2010 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Anakhudza anthu akuluakulu 247 amene analibe matenda a shuga, ndipo kutupa kwa chiwindi chawo kunatsimikizidwa pochotsa kachidutswa kakang'ono ka chiwindi n'kukapima. Patatha milungu 96, mwa amene ankamwa Vitamini E wa mlingo wa 800 IU tsiku lililonse, 43 mwa 100 anapeza bwino, poyerekeza ndi 19 mwa 100 mwa amene ankamwa mapiritsi opanda mankhwala. Komabe zipsera sizinasinthe kwenikweni, ndipo oposa theka la amene anamwa vitaminiyu sanafike pa muyezo wa kupeza bwino. Kafukufuku wina wa ana 173, wotchedwa TONIC, amene anasindikizidwa mu 2011, anapeza kuti Vitamini E sanapose mapiritsi opanda mankhwala pa kutsitsa ALT mokhalitsa.

Mlingo wa 800 IU ndi waukulu, woposa maulendo 30 mamiligalamu 15 amene munthu wamkulu amafunika pa tsiku. Pa mlingo wotere vitamini amasanduka mankhwala, ndipo ali ndi zoopsa zake. Pa kafukufuku wa SELECT, amene anakhudza abambo oposa 35,000, amene ankamwa 400 IU pa tsiku anapezeka mu 2011 kuti chiopsezo chawo cha khansa ya prostate chinakwera ndi magawo 17 pa 100. Kuunika kwa zofufuza zingapo kumene kunasindikizidwa mu 2010 kunasonyezanso kuti Vitamini E amawonjezera chiopsezo cha sitiroko yobwera chifukwa cha kuphulika kwa mtsempha muubongo. Vitaminiyu amalepheretsanso magazi kuundana, choncho ndi woopsa kwa amene amamwa warfarin kapena aspirin ndi amene akuyembekezera opaleshoni.

Pa zifukwa zimenezi, Vitamini E amaganiziridwa kwa odwala okhawo amene kutupa kwa chiwindi chawo kwatsimikizika, ndipo dokotala ndiye amayeza phindu ndi chiopsezo. Munthu amene wangouzidwa pa sikani kuti ali ndi mafuta m'chiwindi sali m'gulu limeneli. Vitamini E wokwanira thupi amapezeka mu mtedza, nsinjiro, njere ndi mafuta a mpendadzuwa, mapeyala ndi ndiwo zamasamba zobiriwira, ndipo wa m'zakudya alibe zoopsa zimene zatchulidwazi.

Mavitamini ena ndi mankhwala azitsamba

Odwala ambiri a mafuta m'chiwindi amapezeka ndi Vitamini D wochepa, koma zofufuza sizinasonyeze mogwirizana kuti kumwa mapiritsi ake kumachiza matendawa. Amaperekedwa kwa amene apimidwa n'kupezeka kuti akupereweradi. Makapisozi a mafuta a nsomba otchedwa omega-3 amatsitsa mtundu wina wa mafuta m'magazi, koma sanaonetse kuti amathetsa kutupa kapena zipsera.

Vitamini A amasungidwa m'chiwindi, ndipo akamwedwa wambiri kwa nthawi yaitali amawononga chiwindicho. M'dziko muno shuga ndi mafuta ophikira zimawonjezeredwa kale Vitamini A, ndipo amapezekanso mu mbatata yofiira mkati, maungu, mango ndi mapapaya, kotero munthu wamkulu asamamwe makapisozi ake popanda kulangizidwa. Chenjezoli silikukhudza Vitamini A amene ana amalandira kusikelo ya ana, yemwe mlingo wake ndi woyezedwa. Niacin wa mlingo waukulu, mapiritsi owonjezera magazi omwedwa popanda kupimidwa, makapisozi a tiyi wobiriwira ochepetsera thupi ndi mankhwala okulitsa minofu, zonsezi zimadziwika kuti zikhoza kuvulaza chiwindi.

Palibe umboni wakuti tiyi, ufa kapena madzi ogulitsidwa m'mabotolo ndi lonjezo lotsuka chiwindi amachotsa mafuta. Zambiri mwa zinthuzi sizilembedwa zimene zasakanizidwamo kapena mlingo wake, ndipo chilichonse chimene munthu wamwa chimadutsa m'chiwindi chomwe chikudwala kalecho. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo limayang'anira mankhwala m'dziko muno, ndipo anthu akulangizidwa kugula mankhwala m'mafamase ovomerezeka okha. Amalonda akukumbutsidwa kuti kuuza wogula kuti chinthu chimachiza chiwindi popanda umboni kumaika moyo wa munthuyo pachiswe, chifukwa amachedwa kupita kuchipatala.

Zina zowononga chiwindi

Chiwindi chimene chili ndi mafuta chimawonongeka msanga chikakumana ndi mdani wina. Mowa wa mtundu uliwonse, kaya kachasu, masese kapena wa m'botolo, umafulumizitsa zipsera, ndipo amene ali kale ndi zipsera ausiyiretu. Chuku chimene chimamera pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino chimatulutsa poizoni woyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo poizoniyu satha pophika. Alimi aziumitsa mbewu mokwanira, osati padothi, azisankha zowola ndi zonyala n'kuzitaya, ndipo asamanyowetse mtedza pofuna kuti usendeke mosavuta kapena ulemere pasikelo. Matenda otupa chiwindi a Hepatitis B ali ndi katemera, amene ana akhala akulandira m'dziko muno kuyambira mu 2002, ndipo akuluakulu obadwa chakachi chisanafike ndi bwino kuti akayezetse. Likodzo la m'matumbo nalonso limasiya zipsera m'chiwindi, makamaka kwa asodzi ndi alimi a mpunga, koma limachizika ndi mankhwala a praziquantel.

Zoyenera kuchita

Munthu amene wauzidwa kuti ali ndi mafuta m'chiwindi ayezetsenso shuga, kuthamanga kwa magazi ndi Hepatitis B. Apitirize kumwa mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, otsitsa mafuta m'magazi kapena ma ARV monga analangizidwira, ndipo asasiye mankhwala alionse poganiza kuti akupumitsa chiwindi. Popita kuchipatala atenge mavitamini ndi zitsamba zonse zimene akumwa kuti achipatala azione. Mu Malichi 2024 dziko la America linavomereza resmetirom, mankhwala oyamba a odwala amene ali ndi kutupa pamodzi ndi zipsera, koma ndi okwera mtengo kwambiri ndipo nawonso amaperekedwa limodzi ndi masewera ndi kusintha kadyedwe.

Anthu onse amene ali ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mimba yopitirira muyezo umene watchulidwa akupemphedwa kuti akafunse malangizo pachipatala chimene ali nacho pafupi. Odwala ofunika kuonedwa ndi akatswiri amatumizidwa kuchipatala cha boma kapena ku zipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, makomiti a m'misika ndi makalabu a alimi akupemphedwa kufalitsa uthengawu kwa anthu awo.